Za Pafupi ndi Za Kutali: Kodi ku Joni n'Kutali Bwanji pa Ndege?

Mwezi uno talandira funso lochokera kwa Kapondo, m'boma lathu lino la Mchinji. Mayi wina wokalamba, amene maso ake saonanso bwino zolemba, anatuma mdzukulu wake kuti atilembere kalata, ndipo mau ake ndi awa: "Mwana wanga ali ku Joni. Chaka chatha anabwera ku maliro a atate ake, natiuza kuti phala la m'mawa anamwera ku Joni, koma nsima ya masana anadyera ku Lilongwe. Ine ndinangoti kukamwa yasa, pakuti malemu atate anga, pamene anapita ku migodi ali mnyamata, anatha miyezi panjira. Kodi mwanayo ananena zoona, kapena anangofuna kunditonthoza mtima? Ndipo ngati ku Joni kuli pafupi chotero, nanga alekeranji kubwera kawirikawiri?"

Mayi wathu, mwafunsa bwino, pakuti safunsa adadya phula. M'kalata yanu muli mafunso awiri. Loyamba ndi la masamu, ndipo tiliyankha mosavuta. Lachiwiri ndi la mumtima, ndipo tilisunga kufikira kumapeto. Inu nonse amene muli ndi mwana, mwamuna kapena mlongo kunja, senderani pafupi, mumve nanunso.

MTUNDA WAKE

Poyamba tinene msanga kuti mwana wanu sananame ayi. Tengani dzungu lobulungira bwino, mubayepo minga iwiri, wina cha pamwamba, wina cha m'munsi. Tsono mangani ulusi pa munga woyamba, muukoke kufikira pa wachiwiri, ukhale wokungika ndithu. Dzungulo ndilo dziko lapansi, pakuti nalonso n'lobulungira. Mingayo ndiyo mizinda iwiri. Ndipo ulusiwo ndiyo njira yaifupi koposa zonse pakati pa mizindayo. Imeneyo ndiyo njira imene ndege ifuna kutsata, popeza kumwamba kulibe phiri loti ilambalale, kulibe mtsinje woti ifunefune mlatho, kulibenso mpanda wa pamalire.

Munga wathu woyamba ndi bwalo la ndege la Kamuzu, limene lili ku Lumbadzi, makilomita ngati 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Bwalo limeneli linatsegulidwa mu 1983. Munga wachiwiri ndi bwalo la O. R. Tambo ku Johannesburg, kumene ife timati ku Joni. Akuluakulu amene anagwirako ntchito kale amalidziwa bwalo lomwelo ndi dzina la Jan Smuts. Dzina la tsopanoli linaperekedwa mu 2006. Pakati pa mabwalo awiriwa ulusi wathu utalika pafupifupi makilomita 1,500, ndiwo mamailosi ngati 930 kwa inu amene munazolowera kuyesa kwakale. Kuzungulira dziko lonse lapansi ndi makilomita 40,000. Chotero taonani, ku Joni kumene ife tikuyesa kumalekezero a dziko, ndi kachigawo kamodzi chabe mwa zigawo 27.

Ulusiwo ukachoka pa Lumbadzi ulowera kummwera mopendekera kumadzulo pang'ono. Udutsa pamwamba pa dziko la Mozambique, nuwoloka Zambezi kufupi ndi damu lalikulu la Cahora Bassa. Ulowa m'Zimbabwe ndi kusiya mzinda wa Harare ku dzanja lamanja. Uwoloka Limpopo cha pa Beitbridge, nufika ku Joni. Maiko anayi, mitsinje ikuluikulu iwiri, koma wokwera ndege sanyowa phazi.

NTHAWI YAKE

Ndege zazikulu za masiku ano zikafika pamwamba zimathamanga makilomita 800 kapena kupitirirapo pa ola limodzi. Ndiye kuti pa mphindi imodzi yokha zimatha makilomita oposa 13. Kuchokera pa boma la Mchinji kufika ku Lilongwe pali makilomita ngati 110. Ndege yothamanga chotero ingathe mtunda umenewo pa mphindi 8. Mayi amene watereka madzi a nsima, asanayambe n'kuthira ufa komwe, ndege yapitirira kale pa Kamwendo, pa Namitete ndi pa Msundwe.

Tsono mwana wa sukulu amene adziwa kugawa adzati: makilomita 1,500 kugawa ndi 800 sakwana maola awiri. Wanena zoona, koma waiwala kanthu. Ndege siyamba ndi liwiro lake lonse. Iyamba yayenda pansi ngati galimoto kufikira pa msewu wake wonyamukira, nthawi zina niyembekeza kuti inzake iyambe yachoka. Kenaka ikwera pang'onopang'ono. Ndipo ikayandikira kumene ipita ichepetsa liwiro ndi kutsika mosamala, kudikira chilolezo cha oyang'anira bwalo. Zonsezi zikaphatikizidwa, ulendo wa ku Joni, ndege ikapanda kuima pena, umatha maola awiri ndi mphindi 15, kapena maola awiri ndi theka. Ndege ina imayamba yatera pa Chileka ku Blantyre kukatenga anthu ena. Pamenepo nthawi iwonjezeka ndi ola limodzi kapena kuposapo.

Mphepo nayonso ili ndi mau ake. Inu opalasa njinga mudziwa kusiyana kwa kupalasa mwera uli kumaso ndi kupalasa mwera uli kumbuyo. Ndi momwemonso kumwamba, kumene mphepo ziomba ndi mphamvu yoposa ya pansi pano. N'chifukwa chake ulendo wopita ndi wobwerera, angakhale mtunda ndi umodzimodzi, kawirikawiri asiyana ndi mphindi zingapo.

Nanga ndege iuluka patali bwanji ndi nthaka? Makilomita 10 kapena 11. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene iposa mapiri onse a m'dziko lathu, ndi yotalika mamita 3,002. Mukasanjikiza mapiri atatu otero, ndege idzapitabe pamwamba pake. Ikwera kutali chotero chifukwa kumeneko mpweya ndi wopepuka, suikaniza kwambiri, ndipo mafuta satha msanga. Ndiponso mitambo yambiri ya mvula itsala pansi pake. Kumeneko kuzizira koopsa, madigiri ngati 50 kunsi kwa pamene madzi aundana, ndipo munthu sangapume bwino. Chotero ndege imatsekedwa ndithu, ndipo makina amadzaza mpweya m'kati kuti anthu apume ngati ali pansi. Pokwera ndi potsika makutu amatseka. Mankhwala ake ndi kumeza malovu, ndipo khanda liyamwitsidwe. Mzere woyera umene ana athu amauloza kumwamba ndege ikapita si utsi wa moto ayi, koma nthunzi yotuluka m'makina, imene iundana pomwepo chifukwa cha chisanu.

NJIRA YA PANSI

Ambiri a ife sitipita ku Joni pa ndege, koma pa basi. Basi yochokera ku Lilongwe ituluka m'dziko pa Dedza, idutsa m'Mozambique ndi kuwoloka Zambezi pa Tete, ilowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, ipitirira pa Harare, iwoloka Limpopo pa Beitbridge, niyenda ndithu kudzera pa Musina kufikira ku Joni. Njira imeneyi iposa makilomita 1,800, pakuti msewu ukhotakhota. Pali malire atatu, ndipo pa malire alionse anthu atsika, aima pamzere, nadinditsa mapasipoti awo mbali zonse ziwiri. Ulendowo umadya masiku awiri, ndipo pa Beitbridge pakadzaza anthu, tsiku lachitatu limalowamo.

Tsono tiyerekeze. Munthu wamphamvu wosenza mtolo akamayenda makilomita 30 tsiku ndi tsiku, osapuma, osadwala, adzafuna masiku 60 kuti athe makilomita 1,800: miyezi iwiri yathunthu. Basi ifuna masiku awiri. Ndege ifuna maola awiri ndi theka. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mwana wa mayi wathu uja, atatsika pa Lumbadzi, anatha nthawi yaitali kuti afike kwa Kapondo kuposa imene anatha kuchokera ku Joni kufika pa Lumbadzi. Anafuna galimoto yomufikitsa mumzinda, minibasi yoyembekeza kuti idzaze, ndi kabaza wa panjira ya fumbi; ikakhala nyengo ya dzinja, matope naonso alandirako gawo lawo. Kuthamanga si kufika.

MMENE ANAYENDERA MAKOLO ATHU

Mayi wathu watchula malemu atate ake, ndipo ife sitingapitirire osawakumbukira anthu amenewo. M'masiku amene boma lino linkatchedwa Fort Manning, ndi Chipata Fort Jameson, msonkho unatulutsa amuna ambiri m'midzi. Ena anapita pa okha, kumene ankati pa selefu, atanyamula ufa, kamphika ndi nkhwangwa. Anayenda m'magulu chifukwa choopa mikango ndi achifwamba, anawoloka Zambezi pa bwato, nagwira ganyu m'mafamu a panjira kuti apeze chakudya ndi ndalama yopitira patsogolo. Ena anakwera malole a boma la Southern Rhodesia otchedwa Ulere, chifukwa sankalipiritsa. Ena analembedwa ndi Mthandizi kukagwira ntchito m'mafamu a ku Rhodesia, ndipo ena ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Joni. Si onse anafika, ndipo si onse anabwerera. Amene anakhalitsa osabwera anthu anawatcha machona.

Alendo ochokera ku Ulaya naonso sanafike msanga. Ansembe amene anayamba mishoni ya Kachebere mu 1903 anali a m'badwo umene unkayenda pa sitima ya panyanja kufikira ku Chinde pa mathiriro a Zambezi, kukwera sitima yaing'ono ya pamtsinje m'Zambezi ndi m'Shire, ndi kutsiriza ulendo pansi kapena pa machila. Anatha masabata ambiri. Ndipo taonani: m'chaka chomwecho cha 1903, pa 17 Disembala, ku Kitty Hawk m'dziko la America, abale awiri, Orville ndi Wilbur Wright, anaulutsa ndege yoyamba ya injini. Inakhala m'mwamba masekondi 12 okha, niyenda mamita 37, mtunda wosakwana ndi theka lomwe la bwalo la mpira. Ndani akadakhulupirira tsiku limenelo kuti zidzukulu za anthu a kwa Kapondo zidzauluka pamwamba pa Zambezi?

Mu 1949 ndi 1950 ndege zazikulu zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa Southampton ku England ndi Johannesburg, zinkaima pa Cape Maclear m'nyanja yathu. Koma zimenezo zinali za anthu olemera. Anthu a m'midzi yathu amene anayamba kukwera ndege ambirimbiri sanali mabwana ayi, koma anyamata a Wenela. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Wenela anali ndi ndege zakezake, zimene zinkanyamula anthu kuno kukawatula ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, limene tsopano ndi Botswana. Kuchokera kumeneko ankapitirira pa sitima ya pamtunda. Mnyamata amene sanakwerepo ndi basi yomwe, anaona mudzi wake uli pansi ngati nyerere.

TSIKU LA CHISONI

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka pa Francistown kupita ku Blantyre, itadzaza anthu amene anatsiriza ntchito yawo ku migodi ndipo anali kubwerera kwawo. Itangonyamuka makina ake analephera, nigwa pafupi ndi bwalo, niyaka moto. Mwa anthu 84 amene anali m'katimo anafa 78, ndipo oposa 70 a iwo anali Amalawi. Ofufuza anapeza kuti mafuta amene anathiridwa m'ndegemo anali osakanizika ndi mafuta a mtundu wina, osayenera makina ake. Amuna amene anapulumuka miyala ya pansi pa nthaka anafera pa khomo la kwawo, mabulangete ndi nsalu za akazi awo zili m'masutikesi.

Pamenepo Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno, ndipo Amalawi oposa 100,000 amene anali ku migodi anabwerera m'zaka ziwiri zotsatira. Kulemba kunayambanso mu 1977, pansi pa dzina la Teba, koma anthu anali ochepa, ndipo kunatha mu 1988. Kuyambira pamenepo ana athu apita ku Joni pa okha, monga a selefu akale.

Ndiponso simunaiwale tsiku la 10 Juni 2024, pamene ndege yaing'ono ya asilikali inanyamuka pa Lumbadzi kupita ku Mzuzu, ulendo wa mphindi 45 zokha, nigwa m'nkhalango ya Chikangawa m'nyengo ya mitambo ndi chifunga. Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, anafa pamodzi ndi anthu ena 8. Chotero ulendo waufupi si ndiwo wopanda ngozi. Koma tisakuopsezeni mopitirira muyeso. Ngozi ya ndege imamveka dziko lonse chifukwa ndi yosowa. Anthu amene amafa pa misewu yathu chaka ndi chaka, pa minibasi, pa malole ndi pa njinga zamoto, ndi ambiri kutalitali. Ndipo mukamva kuti ndege yachedwa chifukwa cha nyengo yoipa, kapena kuti amisiri ayamba aona makina, musadandaule: woyendetsa amene akana kunyamuka ndiye wakusungirani moyo.

MIZINDA INA NDI ZA WOTCHI

Popeza ulusi uli m'manja, tiyeseko mizinda ina. Kuchokera pa Lumbadzi kufika pa Chileka pali makilomita ngati 250, ulendo wosakwana ola limodzi. Kufika ku Lusaka pali makilomita ngati 600, ola limodzi ndi mphindi zingapo. Kufika ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia, pali makilomita ngati 2,600, pafupifupi maola 4. Wopita ku Roma amasintha ndege panjira, kawirikawiri ku Addis Ababa komweko. Kuchokera kumeneko kufika ku Roma pali makilomita ngati 4,500, maola ngati 6. Ndiye kuti maola 10 m'mwamba, kuwonjezapo nthawi yoyembekeza ndege yachiwiri: wanyamuka lero masana, mawa m'mawa ali ku Roma. Akuluakulu akumbukira Meyi wa 1989, pamene Papa Yohane Paulo II anatera pa Chileka kuchokera ku Zambia pa 4, nanyamuka ku Lilongwe pa 6 kubwerera ku Roma. Ulendo umene ansembe a 1903 anauyenda masabata ambiri, iye anautha tsiku limodzi.

Ndege za dziko lathu zinayamba ndi kampani ya Air Malawi mu 1964, chaka cha ufulu. Kampaniyo inatsekedwa mu 2013, ndipo mu 2014 inayamba kuuluka ina, imene tsopano itchedwa Malawi Airlines; boma lathu ligwirizana nayo ntchitoyi ndi kampani ya Ethiopian Airlines.

Tsono mverani za wotchi, pakuti apa ambiri asokonezeka. Dziko lapansi lizungulira kamodzi pa maola 24, ndipo dzuwa liyamba kutulukira anthu a kum'mawa. N'chifukwa chake maiko sawerenga nthawi mofanana. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali ndi wotchi imodzi. Ikakhala 12 koloko kwa Kapondo, ku Joni ilinso 12 koloko. Koma Tanzania, Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Pa tikiti amalemba nthawi ya malo amene ndege inyamuka ndi nthawi ya malo amene itera, aliyense ndi wotchi ya kwawo. Chotero ndege ikanyamuka pa Lumbadzi 2 koloko masana, niuluka maola 4, pa tikiti padzalembedwa kuti ifika ku Addis Ababa 7 koloko madzulo, osati 6. Ola limenelo silinabedwe ayi, mudzalipeza pobwerera. Ku Roma nthawi ifanana ndi yathu kuyambira kumapeto kwa Malichi kufikira kumapeto kwa Okutobala, koma miyezi inayo ali m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, chifukwa iwo amasuntha wotchi zawo kawiri pa chaka.

MACHENJEZO ANAYI

Choyamba: ndege si minibasi, siyembekeza munthu kuti idzaze. Wopita kunja kwa dziko afike pa bwalo maola awiri kapena atatu nthawi isanakwane, pakuti pali kuyesa katundu pa sikelo, kuonetsa pasipoti ndi kusechedwa. Wochokera kwa Kapondo achita bwino kugona ku Lilongwe dzulo lake.

Chachiwiri: musanyamulire munthu wosamdziwa phukusi limene simunaone m'kati mwake, angakhale alankhule mokoma chotani, angakhale atchule dzina la mbale wanu. Chopezeka m'chikwama chanu ndi mlandu wanu, ndipo ndende ya kudziko la eni ilibe wobweretsa nsima.

Chachitatu: kufika msanga si chilolezo cha kukhala. Mmalawi wolowa m'South Africa ngati mlendo amapatsidwa masiku 30, ndipo chidindo chimenecho si cha ntchito. Wopitiriza masiku amakhala mobisala. Akagwidwa amasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kuyembekeza kubwezedwa kwawo chimanjamanja.

Chachinayi, ndipo ichi n'cha inu makolo a atsikana: chenjerani ndi anthu amene abwera ndi mau akuti, "Tikiti ya ndege ndi yaulere, ntchito ili kale, malipiro ndi ambiri." Pakati pa 2022 ndi 2024 dziko lonse linamva za amayi ndi atsikana a ku Malawi amene ananyengedwa chotero kupita ku Oman kukagwira ntchito za m'nyumba. Atafika analandidwa mapasipoti, nagwiritsidwa ntchito usana ndi usiku, ndipo ena anazunzidwa kwambiri. Kupita kunali kwa maola owerengeka, koma kubwerera kunafuna miyezi ndi misozi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana asanachoke, funsani ku ofesi ya boma yoona za ntchito ngati olembawo ndi odziwika. Onani pangano lolembedwa, muliwerengetse kwa munthu wodziwa. Ndipo sungani kunyumba chithunzi cha pasipoti yake.

FUNSO LACHIWIRI

Tsopano tabwera pa funso lolemera lija: ngati ku Joni ndi maola awiri ndi theka, mwana alekeranji kubwera? Mayi wathu, ife mwana wanu sitimdziwa, ndipo sitifuna kumweruza. Koma tidziwa zifukwa zimene zimanga ambiri. China ndi ndalama: tikiti ya ndege iposa ya basi kangapo, ndipo wogwira ntchito ya m'munda wa maluwa kapena ya ulonda akachoka masabata awiri apeza wina walowa m'malo mwake. China ndi mapepala: amene anapitiriza masiku ake aopa kuti akatuluka sadzaloledwa kulowanso. China ndi manyazi: anachoka ndi malonjezo a nyumba ya malata ndi ngolo ya ng'ombe, ndipo sakufuna kuoneka pa mudzi ali ndi kachikwama kokha. Ndipo china, tisabise, ndi chakuti ena anamanga banja lina kumeneko, naiwala mkazi amene alimira ana awo kuno.

Pa za manyazi, mlandu wina ndi wathu ife otsala. Mwana akaimba foni, kodi mau athu oyamba ndi otani? Kodi timfunsa za moyo wake, kapena tiyamba ndi feteleza, fizi ndi malata? Akabwera, kodi tiyang'ana nkhope yake kapena katundu wake? Ngati mudzi ulandira bwino okhawo obwera ndi galimoto, tisadabwe kuti osauka achona. Muuzeni poyera mwana wanu kuti, "Bwera ndi manja ako okha, nsima ilipo." Mau amenewo afupikitsa njira kuposa makina onse a ndege.

Ndipo kwa inu ana athu amene muli ku Joni, ku Cape Town, ku Durban ndi kwina konse kumene pepala lino lingakupezeni, tinena ichi. Agogo anu anali ndi chowiringula, pakuti pakati pa iwo ndi kwawo panali miyezi iwiri ya minga ndi mikango. Komabe ambiri a iwo anabwerera. Inu muli ndi foni m'thumba, basi ya masiku awiri, ndi ndege ya maola awiri ndi theka. Taona kawirikawiri kuti ndalama ya ulendo, imene inasowa zaka khumi, ipezeka tsiku limodzi uthenga wa maliro ukafika. Taonanso magalimoto okoka ngolo akufika m'midzi mwathu kuchokera ku Joni atanyamula bokosi, anzake a malemu atasonkha ndalama zambiri kuti mtembo ukagone kwawo. Ubale umenewo ndi wabwino, ndipo tiuyamika. Koma mayi wokalamba afuna kumva mau a mwana wake pa khonde, ndi kumpatsa nsima ndi dzanja lake, maso ake asanatsekeke. Konzani mapepala anu, patulani kangachepe mwezi ndi mwezi, muike tsiku, ndipo mulisunge. Amene simungathe kubwera chaka chino, imbani foni pa Sabata, musadikire kuti mukhale ndi chotumiza. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Mayi wathu wa kwa Kapondo, yankho lanu ndi limeneli: makilomita 1,500, maola awiri ndi theka, ndipo mwana wanu ananena zoona. Mdzukulu amene anatilembera kalata akuwerengereni mau awa pang'onopang'ono, kenaka awajambule pa foni ndi kuwatumiza kwa atsibweni ake ku Joni. Adzafika kumeneko msanga kuposa ndege.

Mwezi wa mawa tidzakamba za njanji, imene inafika ku Mchinji mu 1980 ndi ku Chipata mu 2010. Amene muli ndi mafunso, tilembereni. Tsalani bwino, inu ndi a m'nyumba mwanu onse.